Ndinagwira mkamwini dzanja mu sinema

Wakonzeka? Lemba mmene ndikuyankhuliramu, usandikongoletsere mawu ngati a padiri ayi. Nkhani iyi amako amadana nayo, bambo ako akaimva amanyamuka kuti akaone mbuzi, chikhalirecho mbuzi alibe. Koma ine ndakalamba, manyazi anatha pamodzi ndi mano. Ndikuuza mmene ukwati wa makolo akowo unatsalira pang'ono kufera m'manja mwanga. Kutanthauza kuti iweyo unatsala pang'ono kusabadwa. (Ukuseka chiyani? Lemba.)

Zinali zaka zija Apwitikizi atangochoka kumene, moni wathu atasanduka "kamarada". Ndiye kuti mnzathu. Aliyense kamarada. Ngakhale wakuba nkhuku, kamarada. Kuboma ku Milange kuja kunali nyumba ya sinema imene kale tinkangoionera kunja, mkati munkalowa azungu ndi amwenye okha. Ufulu utabwera anatitsegulira. Anthu ena ufulu anauonera pa mbendera, ine ndinauonera pa chitseko chimenecho.

Ankayamba ndi kutionetsa thalakitala. Thalakitala ikulima, anthu akuwomba m'manja. Thalakitala ikubwerera, akuwombanso. Koma ukapirira, pambuyo pake ankaika ya Amwenye. Mwanawe! Chimwenye sindimva ngakhale liwu limodzi, koma kulira n'kumodzi dziko lonse. Mnyamata ndi mtsikana wa tsitsi lofika m'chiuno akuthamangitsana mozungulira mtengo, uku akuimba, mvula n'kumagwa pa iwo okha. Ndinkalira mpaka maso kutupa, kunyumba n'kukanamizira utsi. Agogo ako aamuna, malemu, ankati sinema ndi ya anthu opanda khasu. Iwo nyimbo yawo inali ya kwaya basi, ngakhale posamba.

Tsono amako, Filomena, anali atakula. Mwamuna woyamba kumufunsira anawoloka Muloza kukathyola tiyi ku Malawi, mpaka lero akuthyolabe. Anzake onse anali ndi ana kumsana. Ndiye atabwera a Fenando, bambo akowa, mphunzitsi wa malaya osita, tinawalandira ndi manja awiri. Ameneyu akanatipulumuka, wina sakanabweranso.

Apa mvetsa bwino, chifukwa ana a lero mumakumbatirana ndi apongozi ngati anzanu a kusukulu. Nthawi yathu mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sankaonana nkhope. Mukakumana panjira, iye kutchire uku, iwe kutchire uko, nsalu kumutu. Kudyera limodzi, ngakhale kutulo sukanalota. Choncho ine nkhope ya bambo ako sindinkaidziwa. Ndinkadziwa kunkhongo kwawo ndi mapazi, popeza maso anga ankakhala pansi. Chala chachikulu cha phazi lamanzere n'chokhota ngati mbedza. (Ukawaone akavula nsapato, sindikunama.)

Tsiku lokambirana za ukwati tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Panali ine, agogo ako, achimwene anga a Bonifasiyo amene anali nkhoswe, ndi a Malita, azakhali awo a mnyamata, a ku Molumbo, mayi wa pakamwa ngati lumo. Bambo ako anakhala kuseri kwa nkhokwe, mawu awo n'kumadzera mwa achimwene. Za chakudya tinagwirizana msanga, popeza panalibe cholimbirana. Mu loja, sitolo ya boma ija, munkangokhala mashelefu ndi wogulitsa. Nkhondo inabuka pa nyimbo.

"Kwaya," anatero agogo ako.

"Kwaya ndi ya pamaliro," a Malita amenewo. "Kwathu mwana sakwatira popanda ng'oma. Tivine tchopa fumbi liziti kobo!"

Ine n'kutsegula pakamwa pangapa. Ndinati, "Kutsidya kuli mnyamata wa galamafoni, ali ndi mbale za rumba ndi imodzi ya Amwenye. Akwati alowe ndi ya Amwenyeyo, azizungulira mtengo wa mangowu."

Anandiyang'ana ngati ndaphwisa m'tchalitchi. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola. Achimwene anapitako, n'kubwera ndi mawu.

"Akuti aphunzitsi, nyimbo za Amwenye zimagonetsa mtundu wa anthu. Akuti pa ukwati wawo paimbidwe nyimbo za ufulu zokhazokha, zodzutsa anthu kukalima."

"Kawauzeni kuti ku ukwati sitipita ndi makasu," ndinatero.

Tinabalalika aliyense atagwira nyimbo yake.

Loweruka lina kunamveka kuti ku loja kwabwera nsalu. Ndinalawirira kuboma, n'kuima pa bicha, mzere uja wa nthawi imeneyo, mpaka dzuwa kufika pamutu. Mwayi wake, ndinapeza nsalu yoyera mbee ya diresi la amako. Ndinaipinda bwinobwino m'dengu, kuyamba ulendo wobwerera. Koma njira yanga inadutsa pa sinema, ndipo m'katimo munkatuluka kamawu kaja ka mtsikana wa Chimwenye, koonda ngati udzudzu. Miyendo inakhota yokha. Ine sindinaitume.

Ndinalowa mochedwa, thalakitala itadutsa kale. Mazenera anatseka ndi masaka, masana onse m'katimo bii. Ndinafufuza ndi manja mpaka ndinapeza mpata pa benchi, pambali pa munthu wina.

Nkhani yake inali ya mnyamata wosauka wokonda mwana wa anthu olemera, koma mayi wa mtsikanayo ankakana, mpaka kumutsekera mwana m'chipinda. Ine ndinayambapo. Posakhalitsa ndikumva wapambali panga nayenso akufwenthera mamina. Mwamuna! Mumtima ndinati, kodi amuna a mtima alipo ndithu dziko lino? Ndinatulutsa mtedza wokazinga, n'kumugunda ndi chigongono. Anatapa m'dzanja mwanga momwe.

"Mayi ameneyu ndi mfiti," ndinanong'ona.

"Mfiti yeniyeni, mayi," anayankha monong'onanso. "Apongozi onse ndi choncho."

Ine ndinati, "Zoona."

(Usalembe kuti ndinati zoona. Chabwino, lemba.)

Nyimbo itayamba, munthuyo ankaimba nawo chapansipansi, mawu onse a Chimwenye osaphonya, kuonetsa kuti benchi imeneyi inkamudziwa. Tsono anabwera achifwamba otumidwa ndi mayi uja, kuyamba kumenya mnyamata. Ine mtima phaa, ndinagwira dzanja la mnzangayo. Iye n'kufinya langa. Tinakhala choncho, misozi ili chuchuchu. Ndinapisa m'dengu kufuna mpango wanga, n'kutulutsa chimene ndinagwira. Ndinapukuta maso, ndinamina, mbali inayo n'kumupatsa mnzanga. Anamina ngati lipenga la asilikali.

Pomwepo chithunzi chinaduka. Makina aja anali okalamba, ankatero kawirikawiri. Anthu anayamba kuimba malikhweru, mwini sinema n'kutsegula chitseko, kukoka masaka m'mazenera kuti aone pokonza. Kuwala ngwee!

Ine maso anga anazolowera pansi. Ndiye pansi pomwepo ndinaona nsapato za matayala, ndi chala. Chokhota ngati mbedza.

Bambo ako nawonso anali ataona kapulana wanga, chitenje cha nsomba zofiira chimene ankachiona chikulowa m'tchire nthawi zonse.

"Mayo ine!"

"Amayi!"

Mwambo umati thawa, funda kumutu. Ndinafunda chimene chinali m'manja, nsalu yoyera ija. Koma mbali ina inali ikadali m'dzanja la bambo ako, ndipo nawonso ankathawa. Tchire munalibe, chitseko chinali chimodzi. Tinafikapo limodzi, kupanikizana ngati mbuzi potuluka m'khola, kenako khu! panja, titakulungana mu nsalu. Ndipo tinagwera pa lichero la zitumbuwa.

Ukudziwa mwini lichero? A Malita. Ankakhala kwa abale kuboma podikira ukwati, n'kumagulitsa pakhomo pa sinema. Zitumbuwa zinagubuduka mpaka mumsewu, iwo osatola ngakhale chimodzi. Anaika manja m'chiuno, kuyang'ana mwana wawo, kuyang'ana ine ndi nsalu yoyera kumutu.

"Ehee! Kodi mkwatibwi wake ndi ameneyu?"

Nkhani inafika kumudzi ine ndisanafike, ndipo inafika itanenepa. Agogo ako ndinawapeza pakhonde akuimba nyimbo ya maliro, osandiyang'ana. Amako anatambasula nsalu ija, kuona fumbi, mafuta a zitumbuwa, ndi zina zija, n'kukhala pansi.

"Amayi, amuna onse a mu Milange, munasowa wina womugwira dzanja?"

Apo sindinaseke. Mwana wanga anasiya kudya, kumangoyang'ana khoma. A Malita anatumiza mawu kuti ukwati watha, akukauza a padiri asiye kulengeza. Ati mwana wawo sangalowe pakhomo pamene mayi ndi mwana akulimbirana mwamuna.

Masiku amenewo milandu inkapita kwa a sekeretaliyo a mudzi, kamnyamata kamene ndinakaona kakuyenda kopanda kabudula, tsopano kali ndi mpando wakewake. Mudzi wonse unabwera, ngakhale odwala anachira. A Malita anafotokoza, kuthira mchere ndi tsabola yemwe. Kenako a sekeretaliyo anatembenukira kwa bambo ako.

"Kamarada mphunzitsi, inu mumaletsa ana nyimbo zimenezi. Mumakatani mu sinema ya Amwenye?"

"Ndimakaphunzira machenjera a anthu olemera, kamarada, kuti ndiziwadziwa."

"Nanga misozi?"

"Ndimalirira oponderezedwa."

Ndinadziwa pomwepo kuti mwana wanga wapeza mwamuna amene sadzagona ndi njala.

Inafika nthawi yanga, ndili chofunda, nkhope kumbali.

"Kamarada mayi, n'zoona munagwira mkamwini dzanja?"

"Kunali mdima, bambo."

"Munadya naye mtedza?"

"Anachita kutapa okha."

Ndinkadikira chilango. Koma ndinangoona kamnyamata kaja kakwera pampando, chibakera m'mwamba.

"Viva kamarada mayi!"

Anthu anayang'anana. Iko kanapitiriza kuti boma lakhala likutiuza tisiye miyambo yobwezera mtundu m'mbuyo, ife osamva. Lero mayi wosapita kusukulu watsogolera, wakhala benchi imodzi ndi mkamwini wake, wagawana naye chakudya ngati nzika ziwiri zofanana. "Abasho kuthawana ndi apongozi!"

Abasho ndiye kuti chinthucho chigwe. Anthu anavomera "Abasho," koma amuna onse maso ali pansi, akazi nsalu kukamwa.

"Alipo pano amene akutsutsana ndi chitukuko?" Kanafunsa kakuyang'ana a Malita.

Iwe sudziwa, koma nthawi imeneyo otsutsa chitukuko ankakwera lole, ndipo sankabwerako msanga. A Malita anameza malovu ngati akumeza kwinini.

"Viva," anatero.

Ukwati unapulumuka choncho. Koma unali usalinso wathu, unasanduka wa a sekeretaliyo, wachitsanzo. Nyimbo anasankha iwo. Kwaya ya agogo ako inathera m'tchalitchi momwemo, ng'oma za a Malita zinagona m'nyumba, mnyamata wanga wa galamafoni anamubweza pamalire. Ana a sukulu anaimba za ufulu kuyambira m'mawa mpaka makosi kusasa, za makasu, za thonje, za kudzuka m'mamawa. Bambo ako anapeza zimene anapempha kuseri kwa nkhokwe, koma ndikayang'ana pansi chala chija chinkagunda nyimbo ina, osati ya anawo. Diresi linasokedwa ndithu. Tinaichapa nsaluyo mpaka manja kusupuka, telala n'kubisa banga lotsala kunkhwapa. Amako tsiku lonse sanakweze mkono wamanja.

Pa chakudya ndiye panali chilango changa chenicheni. Anandikhazika mphasa imodzi ndi mkamwini, mbale imodzi, pakati pa bwalo, kuti mudzi uphunzire. Amayi anzanga ankandiyang'ana ngati ndawaphera nkhuku, chifukwa anauzidwa kuti mawa ndi iwo. Ine nkhope kumanzere, bambo ako nkhope kumanja, manja okha n'kumakumana m'mbale, a sekeretaliyo ali pamwamba pathu, viva, viva.

Koma mumtima mwanga munali chinthu chinkandidya kuyambira tsiku lija. Ndinadikira mpaka anawo atakweza mawu, n'kunong'ona maso ali kumbali.

"Aphunzitsi. Munabwererako?"

"Ndinabwererako, amayi."

"Mtsikana uja anamukwatira?"

"Anamukwatira, amayi." Anatenga chiwindi, chimene ndinali nditachiyang'anira ine, n'kutafuna mosafulumira. "Koma apongozi aja anagwera m'chitsime."

Mpaka lero sindidziwa ngati zinalimodi mu sinemamo, kapena munthu ankangondiuza zake. Phunziro lake? Kaya. A padiri anati ndiphunzire kudziletsa, amako anati ndiphunzire manyazi. Ine chimene ndinatolapo n'chakuti bambo ako akabwera kudzacheza kuno, wokatunga madzi kuchitsime amakhala amako, osati ine. Tseka bukulo, undipatse fodya wanga.