Mmene ndinalonderera mapira a aneba

Mpaka lero ndikaona malaya achikasu aja ndimafuna kulowa kunsi kwa bedi.

Chinali chaka chomwe ntchito ya kumigodi inawathera bambo a Tadala, n'kupeza ina yonyamula katundu ku Welshpool. Tinasamukira ku Maddington, dera lina la mumzinda kunja kuno kwa azungu. Iwo ankalawirira, ine n'kutsala ndi Tadala kumsana, mvula ya Julaye ili waa pawindo. Tsiku lonse osamva munthu akuti "mwaswera bwanji".

Kuseri kwa mpanda kunkakhala agogo ena achizungu, okhaokha. Ndinkafunitsitsa kucheza nawo, koma Chingerezi changa n'cha sitandade faifi (chikafika pakhosi chimabwerera).

M'mawa uliwonse ankathira mapira pathireyi yokhomedwa pamtengo n'kulowa m'nyumba. Posakhalitsa zinkhwe zobiriwira ndi njiwa zili mbwee, kudya. Mtima unandiwawa. Ine ndinakula ndikupirikitsa mbalame m'munda wa mapira kwathu ku Nsanje. Ndinati agogowa ayanika mapira awo, koma miyendo yothamangira alibe. (Zoti munthu sayanika zinthu pamvula sizinandibwerere.) Chinansi chiyambire pomwepa.

Ndinayamba n'kuwomba m'manja. Kenako chitini cha mkaka wa Tadala ndi supuni. Tsiku lachitatu ndinatenga malaya achikasu akumigodi a bambo a Tadala aja ndi chipewa chake cholimba, n'kuveka mopu, n'kuimika pampanda. Mbalame zinatheratu. Ndinayamba kudikira zikomo wanga.

Loweruka agogo anagogoda. Ankayankhula ndi bambo a Tadala pakhomo, ine ndili kukhitchini, ndikumwetulira ndekha.

"Mayi a Tadala, tabwerani. Chimunthu chili pampandacho mwaimika ndinu?"

"Eya. Auzeni asavutike n'kuthokoza."

"Kuthokoza? Inu, mapirawo amachita kukagula kushopu. N'chakudya cha mbalamezo!"

"Ndiye akuzinenepetsa kuti adye liti?"

"Sadya! Amangozionerera. Akuti thireyiyo anakhoma ndi malemu amuna awo, ndipo chimwalirireni, alendo awo ndi mbalamezo basi. Sabata yonse akhala ali pawindo, osabwera ndi imodzi yomwe."

Ndinasuzumira. Maso a agogo anali ofiira. Ine amene ndimadziwa kuwawa kwa kukhala pawindo, ndine ndinawathamangitsira alendo awo.

Ndinazula chimunthu chija. Lolemba ndinakagogoda kwawo ndi mbale ya mtedza wosakazinga, wa mbalame zawo. Mawu omwe ndinaloweza anathawa onse, ndinangogwada. Agogo anadzidzimuka (ankayesa ndakomoka), n'kundidzutsa, n'kundikhazika pampando wachiwiri wa pawindo. Ndikuganiza unali wa malemu.

Mbalame zinatidikiritsa masiku anayi zisanabwerere. Masiku ano timakhala pamenepo, Tadala ali pamiyendo pawo, osayankhulana kwenikweni. Koma chinkhwe chikayamba kumwaza mapira pansi, manja angawa amafuna kuwomba okha. Ndiye ndimangowakhalira.