Amalume Abwerera ku Zaka Naintini

Inu, khalani pansi ndisanaphulike! Njinga mwaiona panjapo, ya belu lonyezimirayo? Ndi yanga, ine Winfrida wa giredi naini! Koma mwini nkhani si ine ayi, ndi amalume anga a Feston.

Loweruka ku Sinda kunali mpikisano wa mpira, wa anyamata ndi wa atsikana, ndipo wachinyamata wosewera bwino kuposa onse amalandira njinga. Aphunzitsi a Obvious, okonza mpikisanowo, malamulo anakawatola pafoni, ati ndi a ku Australia, kumene mpira wake umaoneka ngati dzira. Ati ukhale wosakwana zaka twente wanu, komanso usanasewerepo magemu aakulu opitirira teni.

Tsono amalume ali ndi zaka sate sikisi, ana atatu, ndipo ali pa chikamwini ku Mkaika. Koma atamva za njinga anawerengera kuti ku Sinda palibe akuwadziwa.

"Tonde akameta ndevu ndi kamwana ka mbuzi," anatero, akupala chibwano ndi lezala lobuntha, mpaka chinangoti zikandezikande ngati alimbana ndi mphaka. Imvi anazipaka polishi wa nsapato. Kenaka anandikokera pambali. "Iwe, lero usanditchule malume. Uziti Paulo."

"Paulo si mng'ono wanu, amalume?"

"Wayambatu!"

Patebulo lolembetsa, a Obvious anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzidendene. "Reji yosonyeza zaka zako ili kuti, mnyamata?"

"Inadyedwa ndi chiswe, sa." Apo akutulutsa khadi la kusikelo la a Paulo.

"Zaka?"

"Naintini, sa."

"Magemu aakulu wasewera angati?"

Inu, tamverani, apa mpamene panawawa. Amalume ndi aja osatha maliro osafotokoza za chigoli chawo cha ku Vubwi, ati mpira unang'amba neti n'kukagwera ku Mozambique. Nkhaniyo inkafuna kutuluka yokha. Anaimeza ngati mankhwala a malungo.

"Awiri, sa," ananong'ona.

Mpira utayamba, dzuwa la Okutobala linayamba nawo. Polishi uja anasungunuka n'kutsikira m'maso, munthu akuthamanga akulira misozi yakuda. Anzawo akakuwa kuti, "Paulo, patsira!" iwo n'kumacheuka kufunafuna mng'ono wawo m'gulu la oonerera. Bondo nalo limvekere thee! mpaka oyimbira mpira anayesa kuti wina wathyola nzimbe. Koma chilungamo, mpira amautha. Anagoletsa ziwiri, anthu n'kumafunsana, "Kamwanaka n'ka kuti?"

Itakwana nthawi ya mphoto, a Obvious anaimirira. "Wopambana ndi Paulo! Ndipo njingayi apereke ndi amene anaigula, apampando a gulu la alimi a nshawa, mayi NaPhiri!"

Amalume anali atanyamuka kale, chifuwa patsogolo, manja atatambasula. Kukweza maso, akubwera ndi njingayo ndi apongozi awo enieni, amayi a akazi awo aTabitha! Akanadziwa bwanji za upampandowo, poti mkamwini sacheza ndi apongozi ake? Ndipo mukudziwa kwathu kuno, mkamwini akakumana ndi apongozi panjira amapatuka, sayang'anana nawo. Mutu unkati, "Ndiwe Paulo, pita ukalandire." Koma miyendo, imene yakhala ikupatuka zaka fotini, sinafunse mutu. Inangowatembenuza, liwiro kuposa la m'bwalo lija, kudumpha chingwe, n'kukadzigwetsa m'tchire kuseri kwa golo. Tchire lake la chitedze!



Mayi NaPhiri sanaseke. Anafulatira tchirelo mwaulemu, n'kuitana ine. "Winfrida, tawafunsa bambo a Zikomo. Ngati ali ndi zaka naintini, ndiye mdzukulu wanga Zikomo wa giredi seveni uja anam'bereka ali ndi zaka sikisi?"

Inu, kuseka kwake! Oyimbira mpira anatsala pang'ono kumeza wezulo.

"Uwauzenso kuti ngati ndi mwana, Lolemba avale yunifomu. Ngati ndi mkamwini wanga, mizere ya nshawa ikudikira."

M'tchire munangotuluka mawu, pamodzi ndi phokoso la kukanda: "Uwauze kuti mizere ndamva."

A Obvious anayang'ananso pafoni, ati malamulo a ku Australia sananene za apongozi, koma wachiwiri pamndandanda ndiye alandire. Wachiwiriyo ndani? Wazigoli zitatu kwa atsikana? Ine!

Pochoka ndinamva kunong'ona kuchokera m'tchire muja. "Winfrida, mwana wa mlongo wanga, undinyamuleko pakaliya mpaka pasiteji."

"Si paja munati ndiziti Paulo?"

"Iwe, ndine malume wako!"

Ndikanawanyamula ndithu, koma pakaliyapo anali atakhalapo kale apongozi awo. Ndiye ife patsogolo, belu ngirii ngirii, amalume kutali kumbuyo, akuyenda m'mbali mwa msewu, akukanda. Ndevu za tonde uja m'mawa uno zayambanso kumera.