Phula la m'thanki ya apongozi

Ikani masipanala pansi, anyamata inu, mwandisokosa mokwanira. Iwe Yobu, wamasula injini ya mwini osamufunsa n'komwe chavuta. Khala apa umve, mwambi wa anthu ngati iwe unayamba motere.

Ku Lizulu kunali makaniko wina dzina lake Layisoni, mkamwini wa mayi Nasiketi ogulitsa tomato. Ntchito ankaidziwa, sindimunamizira, koma matama! Mwini galimoto akati afotokoze, iye ankangokweza dzanja: "Injini indiuza yokha."

Tsiku lina pikapu ya apongozi akewo, itadzaza madengu a tomato opita ku Lilongwe, inayamba kutsokomola. Kanyali kachikasu kanayaka pa dashibodi, kenako injini zii. Dzuwa lake la Okutobala lija, ndipo tomato sadikira munthu.

Layisoni anafika ndi mkazi wake Esinala. Mwambo mukuudziwa, mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Mayi aja anakakhala kuseri kwa galimoto, mawu n'kumadzera mwa mwana wawo.

"Bambo, amayi akuti ali ndi mawu."

"Auzeni apumule, zatheka kale izi."

Anasintha mapulagi. Zii. Anapukuta masensa onse. Zii. Analumikiza kamakina kake kopimira, kakuti mafuta sakufika. "Ndimadziwa ine, ndi pampu!" Anatuma njinga kukatenga ina, anaika, koma galimoto osadzuka. Apo n'kuti madengu atayamba kudontha madzi, ntchentche zitaitanizana.

"Bambo, amayi akuti dzulo thanki ija..."

"Esinala, makaniko ndiwe kapena ine?"

Mayi Nasiketi kuseri kuja mtima unkawawa, ulimi wa chaka chonse ukuphikika iwo akuona.

Pomaliza mkulu uja anamasula paipi ya mafuta, naiika pakamwa kuti ayamwe, monga timachitiramu. Anakoka, palibe. Anakokanso mpaka maso tong'o, misempha ya m'khosi njo. Mwadzidzidzi phwa! Chinthu chofewa ngati phala lozizira chinalowa kukhosi pamodzi ndi petulo, iye n'kumeza.

Anagwa chagada, kutsokomola kuposa pikapu ija. Esinala anabwezera paipi, dalaivala wa pikapuyo n'kuliza, injini vuu!

Apa apongozi anauponya kutali mwambo. Anadzuka, anamanga chitenje, namuyang'ana m'maso mkamwini wawo.

"Bambo, dzulo thanki inabooka. Ndinamata ndi phula la njuchi, lambiri ndinakankhira m'kati. Dzuwali lalifewetsa, lakatseka paipi. Chibwerereni ndimafuna ndikuuzeni zimenezi."

"Nanga... nanga bwanji osanena, amayi?"

"Munafunsa?"

Anthu amene anasonkhana anafa nako kuseka. Mayi aja anasuzumira pansi pa galimoto, petulo ali tho tho tho pa bowo lija.

"Onani, ikudonthanso. Bwezani phula langa ndimatire."

Layisoni anangogwira pamimba, kuyang'ana pansi.

Tomato uja ku Lilongwe sanafike, anadya ndi nkhumba. Mkamwini analima munda wa apongozi dzinja lonse, kugeya petulo pamzere uliwonse. Dzina loti Layisoni linathera pomwepo, ngakhale ana ankamuitana lina.

Ndiye iwe Yobu, mwini galimoto akafika, sipanala m'thumba, yamba wamufunsa kuti dzulo anaichita chiyani. Usaseke, ndikunena iwe! Paja akuluakulu anati, Safunsa anadya phula.