Malire Kuseri kwa Holo ya a Delbert

M'mawa uliwonse a Delbert Hruska ankayesa maikolofoni ya m'holo yawo ya bingo, juga ya manambala a pamakadi, potukwana boma. "Boma ndi nkhupakupa. Zikumveka kumbuyoko?" Ine, wogulitsa makadi, ndinkangogwedeza mutu.

Kenako juga inalowa m'mafoni, mipando n'kutsala yokhayokha. Ngakhale mayi Lurleen, amene anachoka pakati pa ukwati wa mwana wawo kuthamangira bingo, anasowa.

"Boma lili kuti?" anakalipa a Delbert. "Alendo akutilanda chakudya pakamwa, ilo lili phee!"

"Nkhupakupa ija?" anafunsa a Merle ometa tsitsi.

"Iwe Merle, meta mitu. Zam'kati mwake uzisiye."

A Delbert anavala suti yawo ya pamaliro n'kupita kulikulu kukalira pamaso pa aphungu. Lamulo linadutsa: m'chigawo chathu foni isabetchenso. Sabata imeneyo maikolofoni inamva zachilendo: "Boma ndi kholo. Zikumveka?"

Chimene anaiwala n'chakuti malire a chigawo chathu ndi chinzake amadutsa pabwalo lawo lomwe loimikapo magalimoto, kuseri kwa bini ya zinyalala. Foni ikangodutsa biniyo, juga inkadzuka.

Lachisanu bwalo linadzaza thothotho. A Delbert anapesa tsitsi, anayatsa magetsi onse, n'kuima pakhomo. Sanalowe ndi mmodzi yemwe. Tauni yonse inali m'magalimoto kuseri kwa bini, mitu chozolika pamafoni.

A Delbert anakagogoda pagalasi la galimoto ya mayi Lurleen.

"Lurleen, holo ili uku."

"Ndikudziwa, achimwene. Kuchimbudzi n'kotsegula?"

Boma linabwerera pa unkhupakupa tsiku lomwelo. Koma holo sanatseke. Anakokera zokuzira mawu panja n'kumaitanira magalimoto manambala, ine pambuyo ndi khofi ndi makadi. Khofi ankatha. Makadi ndinkabwerera nawo.

A Delbert anamwalira chipale chofewa chitangoyamba kugwa. Manda athu ali tsidya la malire, ndiye bokosi likutsika, mafoni m'matumba anali kulira nawo. Mayi Lurleen anawina kangachepe, n'kulira kawiri.

"Waona, Delbert?" ananong'ona a Merle. "Lero ndiye abwera onse."

M'mawa mwake ndinatsegula holo n'kuyatsa maikolofoni. Ine amene sindinayankhulepo pagulu ndinati, "Boma ndi nkhupakupa. Zikumveka?"

Kumbuyoko kunalibe wogwedeza mutu.