Kakoluna Kumsana kwa Apongozi

Amene akuti ndikunama adikire Loweruka, tikwere mota, njinga yamoto ija, limodzi mpaka ku Chidzolomondo, akaone yekha mtengo wa mango umene mpaka lero udapendekera ku Tsangano. Si mphepo idaupendeketsa ayi. Ndi mawu a mlamu wanga Filomena pa tsiku la ukwati wake, ndipo amene anali pa meza ya somu, yokwezera ndi kutsitsira mawu, tsiku limenelo ndine.

Ntchito yanga m'banda yathu ndi imeneyo. Ena amaimba, ine ndimakhala kumbuyo ndi mabotawu, kukweza uyu, kutsitsa uyo, kuti viyola, gitala ija, isameze mawu a munthu. Anthu ogwiragwira meza ndidawazolowera. Pa ukwati uliwonse sipalephera malume woledzera wofuna ng'oma zigunde kwambiri, kapena katekisita wofuna zonse zitsike, ndipo onsewo ndidawasungira botawu lawo lakumapeto, losalumikizidwa ku chilichonse. Amalipotokola, n'kugwedeza mutu, n'kuchoka akudzitama kuti akonza banda.

Koma tsiku limenelo amene adabwera anali apongozi anga aakazi, aNaphiri.

Mwambo wake mukuudziwa. Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, sawagwira dzanja, akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. Ndiye atangoyandikira, ine ndi khanda langa Tereza pachifuwa ndidadzuka n'kukaima kuseri kwa nkhokwe, meza n'kutsala yokha ndi iwo. Mayiwa makutu adagontha chaka chimene adadwala malungo aakulu. Filomena, mwana wawo wotsiriza, amaimba nyimbo yotsanzika, mawa lake n'kupita ku chitengwa ku Tsangano, ndipo iwo amangoona milomo ikugwedera. Chimene amafuna n'kumumva mwana wawo asanapite, basi.

Botawu langa labodza aNaphiri sadalikhudze n'komwe. Adayala chikhatho chonse ngati akusalaza ufa pamphasa, n'kukankhira zonse m'mwamba.

Mukumva? Mawu amene adatuluka m'makoluna, masipika athu aja, adakupa chimanga cha m'nkhokwe imene ndidabisalako mpaka chidadzitong'ola chokha, zitsononkho kwawo maso kwawo, fodya amene adapachikidwa wamuwisi m'chigafa m'mawa mwake adauma n'kudzisanja yekha, nkhuku za ndiwo zidathothoka nthenga zili chithamangire, chapa, minibasi imene imabwera kuchokera ku Furancungo idabwerera chafutambuyo mpaka pa msika pomwe idanyamukira, anthu n'kutsika akuganiza kuti afika, ndipo abale a mkwati atabwerera kwawo ku Tsangano adapeza mbatata zitazuka zokha m'mizere, zitaunjikana pamphepete pa munda kudikira matumba. Ndikulumbira. Koma aNaphiri sadamve kanthu.

Ine manja onse awiri anali pa makutu a Tereza. Apongozi akasuntha pang'ono kukasuzumira mwana wawo, ndimathamangira ku meza n'kutsitsa mabotawu ndi chibwano. Akatembenuka, ndimathawira kunkhokwe. Iwo kukweza, ine kutsitsa, iwo kukweza, ine kutsitsa, mpaka mapazi anga adakumba ngalande imene lero anthu amathirira nayo dimba la kabichi, ndipo chibwano changa chidachita chikang'a chimene ndevu sizimerapo, gwirani muone.

Oimba adakwiya. Wa viyola adandikuwira kuti makoluna apsa. A kuchimuna adayamba kunong'onezana zoti wina awagwire mayiwo akawakhazike kutali, pansi pa mango paja. Zimenezo ndidakana. Ndidayang'ana Tereza n'kuganiza za tsiku limene iyenso adzaime patsogolo pa anthu kutsanzika, ine nditakalamba, wina n'kundikokera kumthunzi ngati mbuzi yolowa m'munda. Ndipo ndi mwanayo adandipatsa nzeru, chifukwa ndikamubereka iye n'kuyamba kulira, kulirako ndimakumva m'nthiti kusanafike kukhutu.

Ndidakodola mkazi wanga.

"Amake Tereza, tengani kakoluna aka muwabereketse amayi."

"Mwapenga kodi, atate ake a Tereza? Pa ukwati pano?"

"Mangani ndi chitenje, molimba, ngati mwana wa paulendo."

Adandiyang'ana, adayang'ana amayi ake, kenako adamasula chitenje cha m'chiuno. Ine ndidalumikiza chingwe chachitali, n'kuchotsamo ng'oma, viyola, zonse, m'kakolunamo n'kusiyamo mawu a Filomena okhaokha. Makoluna akuluakulu ndidawatsitsa mpaka mbalame zidabwerera m'mitengo.

Maso anga anali pansi, monga ayenera mkamwini, ndiye ndimangoona mapazi. Mapazi a aNaphiri adaima chilili. Kenako adayamba kupondaponda pang'onopang'ono, uku ndi uku, mmene amachitira mayi potonthoza mwana wa kumsana. Ndidamva chikhatho chawo chikusisita kakoluna kaja, ndipo pambuyo pake mawu okalamba, amene mkazi wanga anali asanawamve akuimba chidwalire, adavomera nyimbo ija osaphonya ngakhale pamodzi. Azimayi a kuchikazi adalira, a kuchimuna adalira, wa viyola adalira mpaka nsambo zidachita dzimbiri pomwepo. Meza yanga aNaphiri sadaikhudzenso.

Tsono mukakumana ndi amake Tereza adzakuuzani zina. Adzati jeradori ya magetsi idatha gazolina mfundo ya chitenje isanamangike, kakoluna kadali chete ngati njerwa, ndipo Filomena adasiya mikrofoni, n'kudzawakumbatira amayi ake chakumbuyo, n'kumaimba pakamwa patagunda pakhosi pawo. Mapazi ndidawaona anayi, zimenezo ndivomera. Koma chingwe ndidalumikiza ndine, ndipo mayi aja adamumva mwana wawo.