Chimene Chigamba Anakana

Usiku wathawu ndinalota zoopsa, anzanga. Tasunthani pang'ono anaNgondo ndikhale nawo, mwanayu akulemera. Malotowa ali ndi pochokera. Alamu anga a Zuze anatibweretsera chakudya cha mphaka cham'sitolo, timibulu tofiirira tija, ati mphaka wathu Chigamba naye alaweko za m'tauni. Anagula kumsika, kwa aja amapungula m'thumba lalikulu n'kumaika m'timajumbo topanda dzina. Chigamba anangonunkhiza kamodzi n'kuchokapo. Dzulo masana ndinapeza Mwatitha wangayu, mwana woti zaka ziwiri sanakwanitse, ali pa mbale ya mphakayo, timibulu tili m'kamwa. Ndinam'kolowola ndi chala. Ndati nditaye zimenezi, bambo ake akuti, "Zisiye, njala ikam'pweteka mphakayo adya." Ndinagona mtima uli m'mwamba.

Ndiye ndikulota ndili kuchipatala, dzuwa lili paliwombo, Mwatitha ali kumbuyo, thupi likutentha ngati mbaula. Adokotala akuti, "Wadya chiyani?" Ine ndikuwaonetsa kajumbo kaja. Akuti, "Tiwerengereni zomwe alemba pamenepo." Ndikuti, "Adokotala, sanalembepo kanthu." Mwadzidzidzi khosi lawo linazungulira mpaka kumsana, maso n'kukula, ndikuona ndi kadzidzi wavala gauni yoyera. Akuti, "Osadziwa zili mkatimo, mankhwala ndilibe. Kafufuzeni, ndipo mubwere dzuwa lisanalowe."

Ndiye ndatuluka ndikuthamanga, kajumbo kali m'manja, ndingomva kakuti, "Mayi, musandifinye choncho, ine ndine wongotumidwa. Dzana ndinanyamula makala. Kafunseni sikelo." Sindinadabwe n'komwe, anaNgondo. Ndinangoti zikomo.

Ndiye msewu unapindika wokha ngati mkeka, ndapezeka ndili kumsika. Sikelo ili pa benchi, ikuyasamula. Ndikuti, "A Sikelo, chonde, mu timibulu umu muli chiyani?" Ikuti, "Ine ndimadziwa kulemera basi. Kaya nyama, kaya utuchi, kwa ine n'chimodzimodzi." Wogulitsa anatulukira kuseri kwa matumba, akuseka. Akuti, "Mphaka wafa? Sanafe? Nanga phokoso n'lachiyani?" Ndikuti, "Wadya ndi mwana wanga, bambo inu!" Akuti, "Aaa, ife timagulitsira amphaka, mayi. Za ana sitidziwako." Mwadzidzidzi malaya ake oyera anasanduka chifuwa cha khwangwala, wanyamula thumba lonse ndi mlomo, uyo pa denga la msika. Ndinapsa mtima, koma mwala uliwonse umene ndatola ukusanduka tomato.

Ndikuti, "Mwatitha?" Akuyankha, koma mawu akuchokera kutali, ngati ali m'chitsime. Dzuwa lapendeka.

Ndiye ndalowa mu ofesi ina yaitali, ya oyeza zakudya, makomo ali ndanda. Pa khomo loyamba pali bwana wa tayi yobiriwira. Akuti, "Wadya ndi munthu? Pitani khomo linalo, kuno n'kwa ziweto." Ndikugogoda khomo linalo, ndikupeza bwana yemweyo, tayi yasanduka yofiira. Akuti, "Chakudyachi n'cha nyama? Bwererani komwe mwachokera, kuno n'kwa anthu." Ndinagwada pansi, ine mayi wamkulu. Ndikuti, "Bwana, mwana akundithera kumsana." Mwadzidzidzi diso lake lina linayang'ana kudenga, lina pakhomo, zala n'kugwirana, wasanduka bilimankhwe. Akukweza dzanja kuti atenge cholembera, akulibweza, akulikwezanso. Mayo ine, ndinafuna kum'gwedeza! Chidindo chili pa tebulo chinatsokomola n'kundinong'oneza kuti, "Amandimenyetsa pa matumba otseka ine. Mkati sindinasuzumiremo. Tsatirani fungo."

Ndiye ndikutsata fungo, fungo la nsomba zovunda, ndipo kumsana kukupepuka. Inu mukudziwa mmene mwana amalemerera akagona. Uyu ayi, akupepukirapepukira. Ndikuopa kucheuka.

Ndafika pa chigayo chachikulu ngati tchalitchi, pali mzere. Pamzerepo si anthu ayi. Nthenga za nkhuku zafola, ziboda za ng'ombe, chitini cha utoto wofiira, ndi chimanga chobiriwira ndi chuku chitafunda chitenje ngati chikupita kumaliro. Chimangacho chikundipatsa moni mwaulemu. "Mwaswera bwanji amake Mwatitha? Anthu anatikana ife, ati tawola. Kuno atilandira bwino." Kumapeto kwa mzere kuli kabotolo kakuda kosalankhula. Ndikukafunsa dzina, kangotembenuka kundipatsa msana. Kameneko ndi kamene kanandiopsa kuposa zonse.

Pakhomo pa chigayo pali Chigamba, wakhala pa mpando, wavala jekete la alamu anga. Akuti, "Ndinakuuzani ine." Ndikuti, "Iwe, unandiuza liti?" Akuti, "Munayamba mwandionapo ndikusiya chakudya? Ine amene ndimadya ndi mphemvu zomwe?" Ndikuyang'ana kumadzulo, dzuwa latsala kachidutswa, ndipo kadzidzi uja watera pa denga la chigayo, akuvula gauni.

Ndiye ndinamasula chitenje kuti ndimuonetse kadzidziyo mwana, mwina achite chifundo. Anzanga, munalibe mwana. Munali timibulu tokhatokha, tikukhuthukira pansi, waaa, ine ndikutiwola ndi manja ndikuitana dzina lake, mawu osatuluka. Chigayo chinayamba kulira, kwee, kwee, kwee.

Ndinadzidzimuka kutayera kale, thukuta lili noninoni, koma kwee, kwee uja akumvekabe. Ndikupapasa pambali panga, palibe mwana. Ndathamangira kukhitchini, ndapeza Mwatitha wakhala pansi, akukoka mbale ya mphaka pa simenti. Mbaleyo ili mbee. Ndinati mwina Chigamba wadya, njala yam'pweteka monga ananenera bambo ake. Kenako ndinamva kukanda pa chitseko. Mphaka anagona panja.

N'chifukwa chake mwandiona pa benchi ya chipatala m'mawa uno, kajumbo kali m'manja. AnaNgondo, tam'khudzani pachipumi. Akutentha, kapena ndi manja angawa?