Payipi Yofiira ya ku Kandeu

Mpaka lero ndikaona keke yofiira paukwati, ndimayamba ndayang'ana komwe kuli chipata. Musandiseke msanga. Imvani kaye momwe mtundu wothira mu keke unatsalira pang'ono kundiphetsa, dzuwa likuswa mtengo, m'mudzi mwa mayi anga enieni.

Nthawi imeneyo ine ndi mchemwali wanga Tiyanjane tinali pa koleji ina yophunzitsa ntchito zamanja konkuno ku Ntcheu. Iye ankaphunzira zophika buledi ndi makeke, ine za kayendetsedwe ka ntchito zomangamanga (ndimalitchula lonse dzinali kuti anthu asandiyese wokanya matope wamba). Tinakulira pa Nsipe. Kwawo kwa mayi, mudzi wina kuseri kwa Kandeu, Tiyanjane ankapitako pafupipafupi, koma ine ndinapondako komaliza ndikuyendabe chinochino. Mayi aang'ono a kumeneko anamupatsa kamalo koti adzamangepo kanyumba kophikiramo buledi. Nanga akafunenso mmisiri wapadera mlongo wake ali pompo? Ndinadziguguda pachifuwa kuti maziko ndikayeza ndine.

Kuti maziko asapendekeke, kukoleji anatiphunzitsa njira yapafupi. Umatenga payipi yaitali yoonekera mkati n'kuidzaza madzi. Madzi a mbali ino ndi a mbali inayo amaima mofanana, ndiye umangolemba pazikhomo. Vuto n'loti padzuwa madzi saoneka bwino, choncho aphunzitsi anati tizithiramo kamtundu. Anzanga ankathira inki ya buluu. Ine, mwini nzeru, ndinatola kabotolo kofiira m'chikwama cha Tiyanjane. Ovolosi yanga inali isanaume, ndiye ndinabwerekanso jasi lake loyera la ophika buledi. Ndinawonjeza magolovesi ndi kansalu kotseka pakamwa kuopa fumbi. Nditadziyang'ana pagalasi ndinaona injiniya weniweni.

Chimene sindinkadziwa n'choti masabata amenewo m'midzi ya kumeneko munali mutabuka mphekesera za anamapopa, anthu amene amati amayenda ndi timapayipi n'kumapopa anzawo magazi ali m'tulo. Wakabaza amene ananditenga anayang'ana payipi yanga, anayang'ana jasi, kenako ananditsitsa mudzi ukuonekera patali.

"Bwana, ine ndithera pompa, kutsogoloku msewu ndi woipa."

Msewuwo unali wosalala bwinobwino. Koma paja safunsa anadya phula, ndinangonyamula katundu wanga n'kuyamba wapansi.

Linali Loweruka m'mawa. Tiyanjane anali ndi mayeso ophika masikono, anati andipeza masana. Anandiuza kuti malowo ali pafupi ndi mjigo, pamtengo waukulu wa mango. Ndinawapezadi. Mayi aang'ono anali kudimba, ndipo ine ndinaona kuti kuyenda khomo ndi khomo kupereka moni kundichedwetsa. Pansi pa mangowo panali bambo wina ali gone, mkonono uli pakati, fungo la kachasu likumveka ndili chapatali. Ndinawasiya apume.

Ndinatunga madzi pamjigo, ndinathiramo kabotolo konse, ndowa yonse inangoti psuu. Ntchitoyi imafuna anthu awiri, wina kugwira uku wina uko. Popeza ndinali ndekha, mbali inayo ndinaimangirira kumtengo wa mango, pamwamba pa mutu wa bambo ogona aja. Kuti madzi alowe m'payipi umayamba wakoka ndi pakamwa, ndipo ine ndinakoka mwamphamvu mpaka anandithera m'kamwa, ena kutsikira pachibwano, ena pajasi loyera lija. Ndili kalikiliki ndi zikhomo, sindinaone kuti kumtengo kuja chingwe chamasuka. Payipi inali itatsetsereka n'kukagona pakhosi pa bambo aja, madzi ofiira akudontha pamalaya awo.

Mkuwo umene ndinamva sindidzauiwala.

"Mayo ine! A Ndau aphedwa! Namapopa uyu, namapopa!"

Anali mayi wina amene ankabwera kudzatunga madzi. Chidebe anataya, anathamanga akukuwabe. Ine ndinacheuka kuti ndione namapopayo ali pati (inde, ndinacheukadi). Kumbuyo kwanga kunali chimanga chokha. Apo m'pamene ndinadziyang'ana, magolovesi, jasi, payipi, munthu ali gone, ndipo ndinazindikira kuti namapopayo ndine.

Anthu anatuluka paliponse, ena ndi makasu, ena ndi zibonga, ena akutola miyala akubwera. Ndinaganiza zothawa, koma kuthawira kuti, m'mudzi woti njira zake sindizidziwa? Ndinakhala pansi manja ali m'mwamba. Mantha enieni alibe phokoso, abale. Ndinangoyamba kuona nkhope ya mayi anga akulandira uthenga pa Nsipe.

Patsogolo panaima bambo wina wamtali wa ndevu zaimvi, atanyamula mwala ndi manja awiri.

"Ndiwe yani iwe? Wakutuma ndani?"

"Ndine wa ku koleji, bambo. Ndikuyeza malo omangapo nyumba. Madzi awa akaima mbali ino…"

"Usatiphunzitse sukulu! Malo ano wakupatsa ndani?"

"Mayi aang'ono."

"Mayi aang'ono ako dzina lawo ndani?"

Kwathu timangoti mayi aang'ono a ku Kandeu, basi. Dzina lawo sindinalifunsepo chibadwire.

"Mwaonatu! Alibe mbale kuno ameneyu!"

Apa ndinaganiza nzeru ina yoti indipulumutse. Ndinakoka ndowa ija n'kuyamba kumwa kuti aone kuti ndi madzi chabe. Amayi anakuwa onse pamodzi.

"Akumwa! Taonani akumwa, anthuni!"

Ndinasiya. Ndinapempha kuti awadzutse a Ndauwo anene okha. Anawagwedeza, osadzuka. Anawathira madzi kumaso, osadzuka. Ndinapemphera ngati sindinapempherepo, kuti Mulungu adzutse chidakwa chimodzi chokhachi, zina zonse tidzakambirana. Kenako anatsegula diso, anakhala tsonga, anayang'ana malaya awo.

"A Ndau, mukumva bwanji m'thupi?"

"Chizungulire," anatero mwapansipansi. "Mphamvu zandithera. Dzulo ndinali bwinobwino ine."

Mboni yanga yokhayo inali itandimaliza. Kumbuyo wina anafunsa ngati pali amene ali ndi petulo. Mwala woyamba unandipeza paphewa. Za momwe buluku langa linalili panthawiyo, chonde tisakambe.

"Tasiyani! Tasiyani, inu! Mwana wa Nangozo uyo!"

Anali mayi wamfupi, matope a kudimba ali m'miyendo, akukankha amuna ngati akudutsa pamsika. Nkhope yake inali ya mayi anga a Nangozo ndendende, anali mayi aang'ono aja. Pambuyo pake panali Tiyanjane, beseni la masikono lili pamutu, misozi ili mbwembwembwe. Anali atafika kumene n'kudzera kudimba, mkuwo unawapeza konko. Mchemwali wanga sanataye nthawi ndi kufotokoza. Anapisa m'thumba la jasi lake limene ndinavala lija, anatulutsa kabotolo kaja, anadonthetsera totsalira pasikono, n'kuluma anthu onse akuona.

"Ndi mtundu wa keke uwu! Suja ndinathira mu keke ya chinkhoswe cha kwa a Njobvu, munadya nonsenu?"

Mkazi wa a Ndau anawerama n'kununkhiza malaya a mwamuna wake.

"Akanakhala magazi a bambo awa, tonse tikanaledzera pano," anatero.

Wina anaseka, wina anatsatira, zibonga zinayamba kutsika. Amene ankafunsa za petulo uja sanapezeke, aliyense ankati anangobwera kudzaona. A Ndau anapempha sikono kuti abwezere magazi, ndipo anapatsidwa awiri.

Koma bambo wamtali uja sanaseke. Anaika mwala wake pansi pang'onopang'ono, anakhala pomwepo padothi moyang'anizana nane.

"Awa ndi amalume ako," anatero mayi aang'ono. "Abwera chaka chatha kuchokera ku Joni."

Amalumewo anandiyang'anitsitsa kumaso.

"Iwe ndiwe mwana wa mlongo wanga? Ndinakunyamula ndi manja omwewa tsiku lotuluka m'chikuta. Pamaliro a agogo ako sindinakuone. Pomanga chiliza sindinakuone. Lero ukanafa, wokupha ndine, wokauza mayi ako ndinenso."

Ndinafuna kunena kuti nthawi zonsezo ndinali ndi mayeso. Koma ndinangolira, injiniya wathunthu, milomo ili psuu.

Kanyumbako kanamangidwa ndithu, ndipo maziko ake ndi owongoka, mukafuna mukaone. Koma amalume sanalole kuti ndikhome chikhomo ngakhale chimodzi asanandiyendetse mudzi wonse, khomo ndi khomo, kundigwaditsa pamaso pa nkhalamba iliyonse n'kumati, "Muyang'anitsitseni bwino, ndi wathu." Masiku ano kukagwa zovuta ku Kandeu, kaya womwalirayo ndimamudziwa kaya ayi, ndimafika uthenga usanamalize kuzungulira. Ndimakhala pamene aliyense andione, ndipo wina akangondiyang'ana kawiri, sindidikira kuti afunse.

"Ndine mwana wa Nangozo, bambo. Mwadzuka bwanji?"